Chimanga Chobiriwira Sindicho Chimanga cha M'nkhokwe

Munthu amene ayenda m'misewu ya ku Area 11 mu mzinda wa Lilongwe, ngakhale pa mwezi wa October pamene dziko lonse lauma ndi dzuwa, aona kapinga wobiriwira, mitengo ya mthunzi ndi maluwa othiriridwa ndi madzi a m'mipope. Kumeneko ndiko kuli Capital Hotel, kumene akuluakulu a Boma, a mabungwe ndi alendo ochokera kunja amakonda kuchitira misonkhano yao; ndipo kungopita patsogolo pang'ono munthu afika ku Capital Hill, kumene kuli Unduna wa Zaulimi. M'zipinda za malo amenewa ndimo mumayankhidwa funso lalikulu la chaka chilichonse, lakuti: kodi dziko lidzakolola chimanga chochuluka bwanji, nanga ndi anthu angati amene adzasowa chakudya masika ena asanafike? Yankho la funso limeneli ndilo limalamula ngati Boma ligule chimanga kunja kapena lilole amalonda kuchitulutsa, ngati nkhokwe za ku Kanengo zitsegulidwe kapena zikhale chitsekere, ndiponso ngati mai wa ku Nsanje alandire thumba la chimanga pa mwezi wa November kapena adikire kufikira February.

Masiku ano akuluakulu amenewa ali ndi chida chimene anzao akale sanachilote n'komwe. M'mlengalenga muli makina otchedwa masetilaiti, amene amazungulira dziko lapansi usana ndi usiku nalijambula, kotero kuti munthu wokhala pa mpando ku Lilongwe angathe kuona pa kompyuta yake ngati minda ya ku Karonga kapena ya ku Phalombe ili kubiriwira kapena ili kufota. Ambiri ali kunena kuti nthawi ya kupenekera yatha, ndi kuti kuyambira tsopano chiwerengero cha dzinthu sichidzalakwikanso. Mau amenewa ndi okoma m'khutu, koma ayenera kuyesedwa bwino. Pakuti mbiri ya dziko lino ili ndi zaka ziwiri zowawa, 2002 ndi 2016, zimene ziphunzitsa kuti cholakwa chachikulu sichikhala m'diso la mlangizi kapena m'makina a kumwamba, koma m'maganizo a munthu amene alandira chiwerengero nachikhulupirira chifukwa chakuti chamkomera.

MMENE DZINTHU ZIMAYESEDWERA

Poyamba nkoyenera kufotokoza mmene Boma limadziwira za m'minda. Dziko la Malawi linagawidwa m'zigawo 8 za ulimi, ndizo Karonga, Mzuzu, Kasungu, Salima, Lilongwe, Machinga, Blantyre ndi Chigwa cha Shire. Pansi pa zigawozi pali maboma, pansi pa maboma pali madera otchedwa EPA, ndipo pansi penipeni pali mlangizi amene amayenda m'midzi pa njinga. Chaka chilichonse Unduna umayesa zokolola katatu. Ulendo woyamba, mbeu zikali zazing'ono, alangizi amafunsa alimi za kukula kwa minda yao ndi zimene abzalamo. Ulendo wachiwiri amabwerera kukaona mmene mbeuzo zakulira, nakonza chiwerengero choyamba. Ulendo wachitatu, pa nthawi yokolola, amayeza zokolola pa sikelo m'minda yosankhidwa. Ziwerengerozi zimakwera kuchoka kwa mlangizi kupita ku EPA, ku boma, ku chigawo, kufikira ku Capital Hill.

Dongosolo limeneli ndi lanzeru, ndipo alangizi ambiri amagwira ntchito yao mokhulupirika pa mvula ndi pa matope, mlangizi mmodzi nayang'anira mabanja oposa 1,000. Komatu chiwerengero chodutsa m'manja mwa anthu ambiri chili ngati madzi oyenda m'ngalande yaitali, amene pofika kumapeto amakhala atatenga mtundu wa dothi lonse limene adutsamo. Kusokera kumayamba ngakhale pa funso loyamba lenileni. Ofufuza a World Bank, pogwira ntchito ndi National Statistical Office ya ku Zomba pa kafukufuku wa mabanja wa 2010/11, anayeza minda ndi makina a GPS nayerekeza ndi zimene eni minda ananena. Anapeza kuti alimi a minda yaing'ono amakonda kuikuza, pamene a minda yaikulu amakonda kuichepetsa. Sikuti alimiwo ananama ai. Koma munthu akafunsidwa mwadzidzidzi amayankha kuti ekala imodzi kapena theka la ekala, popeza ndiwo mau amene ali pafupi ndi lilime. Kulakwa kwakung'ono kotere kukachulukitsidwa ndi mabanja mamiliyoni kumasanduka matani zikwi zambiri a chimanga chimene sichinamerepo.

ZIZOLOWEZI ZITATU ZA MAGANIZO

M'chaka cha 1974 akatswiri awiri a za maganizo a munthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, analemba m'magazini yotchedwa Science kuti munthu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, amadzera njira zachidule poweruza zinthu zimene sazidziwa bwino, ndi kuti njirazi zimamsokeretsa mbali imodzimodziyo nthawi ndi nthawi. Kahneman analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2002 chifukwa cha ntchito imeneyi. Mwa zizolowezi zambiri zimene akatswiri otere anazitchula, zitatu zikhudza kwambiri nkhani ya kuyesa dzinthu.

Chizolowezi choyamba ndi chakuti chimene munthu wachiona posachedwa, kapena chimene chimabwera msanga m'mutu mwake, amachiyesa chofala paliponse. Mkulu amene wayenda pa galimoto kuchoka ku Lilongwe kudutsa ku Chitedze pa mwezi wa January, naona chimanga chakuda bii mbali zonse za msewu, amabwerera ku ofesi mtima uli m'malo. Aiwala kuti chigwa cha Lilongwe ndi Kasungu ndi dera lina la nthaka yabwino koposa ya chimanga m'dziko muno, ndi kuti munda wa m'mphepete mwa tala kawirikawiri ndi wa munthu amene ali pafupi ndi msika wa feteleza. Robert Chambers wa ku Britain analemba m'chaka cha 1983 kuti alendo oyendera midzi amaona minda ya pa msewu osati ya kuseri kwa phiri, amatengedwa kumalo kumene kuli chitukuko chooneka, amalankhula ndi amuna ndi anthu opezako bwino, ndiponso amakonda kufika m'chilimwe pamene misewu ili youma. Koma njala ya m'dziko lino imaluma pa January ndi February, nthawi yomweyo imene mitsinje yadzaza ndipo galimoto silingafike kwa amene ali kuvutika koposa.

Chizolowezi chachiwiri ndi chakuti nambala yoyamba imene munthu wamva imamgwira mwendo. Tversky ndi Kahneman anazunguza gudumu la manambala pamaso pa anthu, gudumulo n'kuima pa 10 kapena pa 65. Pambuyo pake anawafunsa kuti mwa maiko 100 alionse a mu United Nations, a mu Africa ndi angati. Amene anaona 10 anayankha cha m'ma 25, koma amene anaona 65 anayankha cha m'ma 45, ngakhale kuti gudumulo silinali ndi mbali iliyonse pa funsolo. Momwemonso chiwerengero cha ulendo woyamba, chikalengezedwa pa wailesi mbeu zisanamasule, chimakhala ngati chichiri chomangirapo mbuzi: ulendo wachiwiri ndi wachitatu angathe kuzungulira pang'ono, koma sapita kutali ndi chichiricho, pakuti kutsitsa kwambiri nambala yolengezedwa kale kumaoneka ngati kuvomera kuti wina analakwa.

Chizolowezi chachitatu, chimene Peter Wason anachionetsa ku London m'chaka cha 1960, ndi chakuti munthu amafunafuna umboni womvomereza nanyalanyaza umboni womtsutsa. Pamene Boma lataya ndalama zambiri pa feteleza, aliyense kuyambira mlangizi kufikira wamkulu wa ku likulu amayembekeza dzinthu zambiri, ndipo diso loyembekeza limaona chimene lili kufuna. Pamwamba pa ichi pali mwambo wa ulemu, umene umachititsa wamng'ono kuopa kubweretsa mbiri yoipa kwa wamkulu. Ndondomeko ya zipangizo zotsika mtengo imene inayamba m'chaka cha 2005 inachulukitsadi chimanga, ndipo palibe angakane. Komabe kalembera wa zaulimi amene National Statistical Office inachita mu 2006/07 anapeza chimanga chochepa kusiyana ndi chiwerengero cha Unduna, ndipo Ephraim Chirwa wa ku Chancellor College ndi Andrew Dorward wa ku London analozera kuti mitengo ya chimanga inakwera m'zaka zina zimene mabuku anati chimanga chasefukira. Chinthu chimene chachuluka sichikwera mtengo popanda chifukwa.

PHUNZIRO LA CHAKA CHA 2002

M'chaka cha 2000 dziko linakolola chimanga chokwana matani 2.5 miliyoni, ndipo nkhokwe zinadzaza. M'chaka chotsatira mvula inachuluka mopitirira muyeso pa February ndi March, minda yambiri inamira, ndipo zipangizo zaulere za Starter Pack zinali zitachepetsedwa; chimanga chinatsika kufika pa matani 1.7 miliyoni. Kuchepa kumeneku kunadziwika, sikunabisike ai. Koma m'mabuku a Unduna munalinso ziwerengero zazikulu za chinangwa ndi mbatata, zimene zinaonetsa ngati chakudya chonse pamodzi chidzakwanira. Chinangwa ndi mbeu yovuta kuyesa, popeza chimabereka pansi pa nthaka ndipo chimakumbidwa pang'onopang'ono chaka chonse. Komabe nambalayo inali yotonthoza, ndipo akuluakulu a Boma pamodzi ndi mabungwe akunja anaikhulupirira. Pamene mbiri ya njala inayamba kumveka, ena anayankha kuti chakudya chilipo, koma anthu sadziwa kudya china kupatula nsima ya chimanga. Pa nthawi yomweyo chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa pafupifupi chonse.

Chakumapeto kwa 2001 bungwe la Save the Children la ku Britain linachenjeza kuti zinthu zaipa ku Mchinji ndi ku Salima. Maboma awiriwa sali kumalekezero a dziko. Lililonse ndi ulendo wa maola awiri osakwana pa galimoto kuchokera ku Area 11. Mtengo wa chimanga m'misika unakwera kangapo, anthu anagulitsa mbuzi ndi njinga zao pa mtengo wa bule, ena anadya gaga ndi mizu ya nthochi, ndipo atsogoleri a mipingo anakweza mau. Koma chiwerengero cha m'buku chinalemera kuposa kulira kwa m'mudzi kufikira pa 27 February 2002, pamene Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Bakili Muluzi, analengeza kuti dziko lili pa tsoka. Anthu mazana ambiri anafa, ndipo ena amawerenga zikwi. Stephen Devereux wa ku Institute of Development Studies ku Sussex, pofufuza njalayo, anaika ziwerengero zolakwika pakati pa zifukwa zake zazikulu. M'chaka chomwecho munakhazikitsidwa komiti ya MVAC, yakuti chaka ndi chaka idziyenda m'maboma kukaona mabanja amene ali pa chiopsezo cha njala.

Zizolowezi zitatu zija zonse zinalipo m'nkhani imeneyi. Kukhuta kwa chaka cha 2000 kunali kukali m'maso. Nambala ya chinangwa inasanduka chichiri. Ndipo umboni wotsutsa unapezeredwa yankho m'malo mopezeredwa kafukufuku.

DISO LA KUMWAMBA

Ndi chifukwa cha zowawa zotere kuti anthu amalandira makina a m'mlengalenga ndi manja awiri, ndipo ayeneradi kutero. Kagwiridwe kake ka ntchito sikovuta kumva. Tsamba lamoyo limameza kuwala kofiira kwa dzuwa kuti lipange chakudya cha mbeu, koma limabweza kuwala kwina kumene diso la munthu silikuona, kotchedwa infrared. Tsamba lofota limabweza kuwala kofiira kochulukirapo ndi kosaoneka kuja kochepa. Setilaiti imayeza kusiyana kwa kuwala kuwiriku nitulutsa nambala yotchedwa NDVI, imene imakwera pamene dera labiriwira nitsika pamene lafota. Dziko la America linaponya setilaiti yoyamba ya Landsat m'chaka cha 1972. Maiko a ku Ulaya anaponya masetilaiti a Sentinel-2 mu 2015 ndi mu 2017, amene amajambula malo amodzi masiku 5 alionse, nasiyanitsa kachigawo ka mamita 10 m'litali ndi m'lifupi, ndipo zithunzi zao zimaperekedwa kwaulere. Masetilaiti ena amayeza kuzizira kwa pamwamba pa mitambo, napenekera kuchuluka kwa mvula imene yagwa ngakhale kumene kulibe choyezera mvula. Pansi pa mitambo palinso tindege topanda woyendetsa: Boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera tindegeti ku Kasungu mu 2017, ndipo sukulu yophunzitsa achinyamata kutiyendetsa, African Drone and Data Academy, inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020.

Ubwino wa diso limeneli ndi woonekeratu. Silisankha munda wa pa msewu, siliopa bwana, silichita manyazi ndi nambala ya mwezi watha, ndipo limasunga zithunzi za zaka zambiri kotero kuti chaka chino chingathe kuyerekezedwa ndi zaka zapitazo. Pa chilala cha El Niño cha 2024 ziwerengero za mvula zochokera ku masetilaiti zinaonetsa msanga kuti February wa chaka chimenecho anali wouma modabwitsa m'madera ambiri a kum'mwera kwa Africa, ndipo pa 23 March 2024 Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza tsoka m'maboma 23 mwa maboma 28, chimanga chisanakololedwe n'komwe. Kusiyana kwa kufulumira kumeneku ndi kuchedwa kwa 2002 ndi phindu lalikulu.

Komatu diso la kumwamba lili ndi khungu lake. Miyezi imene chimanga chili kukula ndiyo miyezi ya mitambo, ndipo setilaiti yojambula masamba siona kupyola mtambo. Minda ya alimi ambiri ndi yosakwana hekitala imodzi, ndipo m'munda umodzi muli chimanga, nandolo, maungu ndi nyemba, pamodzi ndi mtengo wa mango pakati. Udzu wa m'munda wosapalira ndi wobiriwira monga chimanga chomwe. Ng'amba ya masabata awiri ikafika pamene chimanga chili kumasula ngayaye, phesi lingathe kubiriwiranso mvula ikabwerera, koma chisononkho n'kukhala cha maso owerengeka. Mbozi imene inafalikira m'dziko muno m'nyengo ya 2016/17 imabisala mu mtima wa chimanga, ndipo pamene kuonongeka kwake kuoneka kumwamba nthawi yothira mankhwala imakhala itapita. Nankafumbwe wa m'nkhokwe saoneka konse. Akale ananena zoona kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Setilaiti imayeza kubiriwira, koma mwana sadya kubiriwira, amadya nsima.

PHUNZIRO LA CHAKA CHA 2016

Pofuna kuti thandizo lidzifika msanga pa nthawi ya chilala, Boma linagula inshuwalansi ya nyengo ya 2015/16 ku bungwe la African Risk Capacity, limene African Union inakhazikitsa m'chaka cha 2012. Linalipira pafupifupi madola 4.7 miliyoni a ku America. Pangano linali lakuti sipadzafunika kudikira munthu woyendera minda: kompyuta yotchedwa Africa RiskView idzalandira ziwerengero za mvula kuchokera ku masetilaiti, idzaziyerekeza ndi madzi amene chimanga chimafuna pa msinkhu uliwonse, nidzawerengera anthu okhudzidwa, nambala ikapyola malire ogwirizana, ndalama zidzatuluka zokha. Maganizo amenewa anali abwino, ndipo cholinga chao chinali kuchotsa kuzengereza kwa anthu kumene kunapweteka dziko mu 2002.

Chilala chinafikadi. Pa 12 April 2016 Mtsogoleri wa dziko Peter Mutharika analengeza tsoka, ndipo komiti ya MVAC inapeza kuti anthu 6.5 miliyoni adzafuna thandizo la chakudya. Koma kompyuta ija inati anthu okhudzidwa ndi ongopitirira pang'ono 20,000, ndipo ndalama sizinatuluke. Masetilaiti sananame, mvula imene anawerenga inagwadi. Cholakwa chinali m'mau amene anthu anauza kompyutayo pachiyambi, akuti alimi a m'Malawi amabzala chimanga chocha pa masiku 120 kufikira 140. Ofufuza a ku LUANAR ku Bunda atapita kukafunsa alimi eni ake, anapeza kuti ambiri anali atasamukira ku mbeu zocha msanga, za masiku 90. Kagwedwe ka mvula ya chaka chimenecho kanapweteka kwambiri mbeu zocha msangazo, pamene kompyuta inali kuwerengera chimanga china chimene sichinali m'minda yambiri. Nambala ya masiku itakonzedwa, bungwelo linavomera kulipira, ndipo madola 8.1 miliyoni anafika mu January 2017, patapita miyezi 9 chilengezere tsoka.

Apa paoneka chizolowezi chachinai, chimene ndi chatsopano: kukhulupirira makina mopitirira muyeso. Nambala yotuluka pa kompyuta, yokhala ndi mapu a mitundumitundu, imaoneka yoyera ndi yopanda tsankho, kotero kuti munthu amachita manyazi kuitsutsa. Aiwala kuti mkati mwake muli maganizo a munthu wina amene anakhala pa tebulo nasankha mtundu wa mbeu, tsiku lobzala ndi malire a madera. Mu 2002 anthu anakhulupirira buku. Mu 2016 anakhulupirira kompyuta. Koma pawiri ponse mlimi wa m'mudzi anali nalo yankho, ndipo anafunsidwa mochedwa. Safunsa anadya phula. Nkofunika kuonjezera kuti chidacho chitakonzedwa chinagwira ntchito: dziko linaleka inshuwalansiyo kwa zaka zingapo, pambuyo pake linabwereranso, ndipo mu August 2024 linalandira madola 11.2 miliyoni chifukwa cha chilala cha El Niño. Phunziro silakuti makina atayidwe, koma kuti adzifunsidwa mafunso monga munthu wina aliyense wopereka umboni.

ZOYENERA KUCHITIKA

Choyamba, mau onse amene kompyuta yauzidwa alembedwe poyera m'chilankhulo chomveka, ndipo chaka chilichonse, mvula isanagwe, ayerekezedwe ndi zimene alimi, ogulitsa mbeu ndi akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bunda ali kudziwa. Mbeu zimasintha, masiku obzala amasuntha, ndipo nambala imene inali yoona zaka 10 zapitazo ingathe kukhala yabodza lero.

Chachiwiri, pamene setilaiti ndi mlangizi asiyana mau, akuluakulu asasankhe nambala yokoma. Kusiyanako ndiko chizindikiro chamtengo wapatali koposa, pakuti kuli kulozera malo amene wina walakwa. Anthu atumizidwe kumeneko m'masiku owerengeka, ndi sikelo ndi chingwe choyezera, ndipo apite ku minda yosankhidwa mwa maere, osati imene mfumu kapena mlangizi aikonda.

Chachitatu, munthu asakhale woweruza mlandu wake. Amene amagawa feteleza asakhale yekha wowerenga zokolola za fetelezayo. National Statistical Office ndi masukulu aukachenjede apatsidwe mbali yao pa ntchitoyi, kuti chiwerengero chikatuluka amalonda, mabanki ndi maiko othandiza achikhulupirire popanda kunong'ona.

Chachinai, chiwerengero cha ulendo woyamba chilengezedwe monga chilili, ndicho chiyembekezo chabe, chokhala ndi malire a pansi ndi a pamwamba. Ndipo olemba nkhani asachilembe ngati chimanga chili kale m'matumba. Kutsitsa nambala pa ulendo wachiwiri kuyesedwe ntchito yabwino, osati manyazi.

Chachisanu, wobweretsa mbiri yoipa atetezedwe ndi kuyamikiridwa. Mlangizi amene alemba kuti m'dera lake dzinthu zaonongeka, namwino amene aona ana otupa mapazi, mphunzitsi amene aona mipando ya m'kalasi ili kutsala yopanda ana, mfumu ndi mbusa amene ali kuika maliro pafupipafupi, onsewa ndi maso a Boma. Wakutsina khutu ndi mnansi. Boma limene limva msanga ndilo limapulumutsa anthu ake pa mtengo wochepa, pakuti chimanga chogulidwa kunja pa July chimafika bwino ndi motsika mtengo kusiyana ndi chogulidwa pa January misewu ndi njanji zitadzaza.

Pali mboni inanso imene siifuna ndege kapena kompyuta, ndipo ili pafupi kwambiri ndi malo a misonkhano. Munthu akachoka ku Area 11 natsetsereka kuoloka mtsinje wa Lilongwe, afika ku msika waukulu wa ku Old Town, kumene amai amagula chimanga pa ndowa ndi ufa pa timapepala ta walkman. Mtengo wa ndowa imeneyo ndiwo chiweruzo cha anthu zikwi zambiri amene aika ndalama zao pa zimene ali kudziwa za m'midzi. Ngati buku linena kuti chakudya chachuluka, chithunzi cha kumwamba nichioneka chobiriwira, koma mtengo wa ndowa uli kukwera pa mwezi wa June pamene uyenera kutsika, ndiye kuti pali china chimene buku ndi chithunzi sizinaone. Wanzeru amaimitsa msonkhano napita kukafunsa.

Dziko la Malawi lili ndi mwai umene silinali nao pa njala ya 1949 kapena ya 2002. Lili ndi alangizi m'midzi, komiti ya MVAC m'maboma, achinyamata odziwa kuwerenga zithunzi za m'mlengalenga, ndi makina amene amayang'ana munda uliwonse popanda kulipiritsa. Chimene chatsala ndi kudzichepetsa kwa maganizo, kwakuti wokhala pa mpando akumbukire kuti iyenso ndi munthu, wokonda nambala yomtonthoza monga munthu wina aliyense. Kapinga wa ku Area 11 adzabiriwira chaka chino ndi chaka chamawa, mvula igwe kapena isagwe. Munda wa mai wa ku Nsanje sutero; ndipo ntchito yonse ya kuyesa dzinthu, ya pansi ndi ya kumwamba yomwe, inakhazikitsidwa chifukwa cha munda umenewo.